Musathyole Ndisanabwere

Anthu a mu Lusaka amakumbukira chaka chimenecho ndi mizere ya unga. Nanenso ndinaima m'mizeremo, pa sitolo ya ku Kabwata, thumba lopanda kanthu lili m'khwapa. Koma m'banja mwathu tikati "chaka chija" timanena chaka chimene mphesa za mlongo wanga Esinati zinaolera pa waya ku Makeni, ine n'kukaima m'bokosi la mboni.

Nthawiyo ndinali mtolankhani wa nkhani za kukhoti. Asisi, monga ndimawaitanira, amandiposa ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amuna awo anamwalira n'kuwasiyira ana anayi ndi puloti ya maekala asanu, yokhala ndi chitsime ndi pampu. Abale a malemu ankafuna kuti agulitse malowo abwerere ku Katete. Iwo anakana. Chimene ankadalira kuti chiwasunge pamalopo chinali mphesa.

Mphesazo zinabwera ndi a Pinto, mkulu wina wachipwitikizi amene anachokera ku Mozambiki n'kutsegula kafakitale ka vinyo ku Heavy Industrial Area. Masiku amenewo katundu wakunja ankasowa, ndipo matchalitchi ndi mahotela ankagula vinyo wawo poti wina kunalibe. Iwo analibe munda. Ankagawa timitengo ta mpesa kwa eni mapuloti, kenako n'kumagula zipatso zake.

Pangano lawo ndi asisi linachitika zaka zinayi m'mbuyomo, pansi pa mtengo wa magwafa. Tinalipo atatu. Kope langa linali m'thumba la malaya. Nditalitulutsa, asisi anandiyang'ana ndi diso limene ndinalidziwa kuyambira ubwana, ndipo ndinalibweza. Kwathu akulu akamapangana, ukayamba kulemba ndiye kuti ukunena kuti mmodzi wa iwo ndi wabodza. A Pinto ankalankhula Chinyanja cha ku Tete, chomveka bwino. Anati, "Mayi, zikapsa musathyole ndisanabwere. Ndidzalawa ndekha. Ndikalawa n'kuvomera, ndidzatenga zonse." Anagwirana chanza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mipesa imatenga nthawi. Inabala koyamba chaka chachitatu, mabokosi ochepa chabe. A Pinto anabwera, analawa, anatenga, analipira. Chaka chachinayi ndicho chinali cha zipatso zenizeni.

Ogasiti

Mphepo ya fumbi inali itayamba pamene a Pinto anabwera kudzadulira. Unali mwambo wawo kudula okha mpesa woyamba pa puloti iliyonse. Ankasiya maso awiri pa nthambi, osapitirira. Anali atafooka, koma ankasekabe.

Maekala atatu mwa asanu anali mipesa yokhayokha, mizere yoyanga pa waya ndi mizati ya bulugamu. Kale onsewo anali a chimanga. Zokolola za chaka chapitacho zinali zochepa m'dziko lonse, ndipo matumba amene asisi anali nawo m'chipinda tinawawerenga kuti afika Novembala.

Madzi m'chitsime anali atatsika. Sakanakwanira mipesa ndi dimba limene asisi ankalimamo repu ndi chimanga chachiwisi. Anasankha mipesa.

"Asisi, ana sadzadya mphesa," ndinatero.

"Adzadya ndalama ya mphesa. Iwe kalembe za akuba ako."

Kuseri kwa mpanda kunali Ba Mulenga, mkulu wa ku Luapula amene anapuma ntchito ku migodi. Nayenso anali ndi ekala imodzi ya mipesa ya a Pinto. Iye dimba lake sanalisiye. Ankati munthu amene anagwirapo ntchito pansi pa nthaka sakhulupirira mzati umodzi.

Okutobala

Kunatentha mpaka phula la mu Cairo Road linkamata ku nsapato. Unga m'sitolo unali ndi mtengo woikidwa ndi boma, koma m'sitolomo munalibe unga. Kuseri kwa msika unalipo, pamtengo wowirikiza. Lole ikafika, ankagulitsa thumba limodzi pa munthu, ndiye mabanja ankatumiza aliyense wotha kuima. Mkazi wanga ankapita pamzere, ine n'kudzamulandira pa nthawi ya nkhomaliro. Mphekesera zinali zambiri: kuti kukubwera chimanga chachikasu pa sitima, kuti unga wathu ukuwolokera ku Zaire, kuti chigayo chachikulu chasowa zitsulo. Zina ndinazilemba m'nyuzi, zina akonzi anazichotsa.

Ku Makeni kunali kouma ponseponse, kupatula maekala atatu aja. Mpesa umakonda dzuwa. Matsango analendewera pansi pa masamba, othinana, ambiri kuposa mmene tinkayembekezera. Zinali mphesa zazing'ono, za khungu lolimba ndi njere zambiri, zopangira vinyo basi. Anthu odutsa mumsewu ankaima n'kumaloza. Asisi ankayenda m'mizere m'mawa uliwonse, manja ali kumbuyo, osagwira kanthu.

Novembala

Mvula sinabwere. Asisi anabzala chimanga pouma pa maekala awiri otsalawo. Mphesa zinayamba kuda. Anamanga zitini pa waya zoingitsira mbalame, ndipo tsiku lonse puloti inkalira ngati kwa wosula ndowa.

A Pinto sanaoneke. Asisi anandituma kufakitale, poti inali pafupi ndi kuntchito kwanga. Ndinapeza mwana wawo, Luwisi, mnzanga wa msinkhu umodzi amene anabadwira ku Emmasdale ndipo ankalankhula ngati ife a m'tauni. Anandiuza kuti bambo ake anagwa m'bafa, mbali imodzi ya thupi inafa, ndipo pakamwa sipatuluka mawu. Anali gone kunyumba kwawo ku Woodlands.

"Nanga mphesa za asisi?"

"Tizabwela, mudala. Auzeni asade nkhawa."

Potuluka ndinadutsa m'chipinda cha mathanki. Ndinagogoda atatu ndi chala, onse anali odzaza. Vinyo wa chaka chatha anali asanatuluke. Mlonda anandiuza kuti mabotolo akusowa, ndiponso mahotela achepetsa maoda. Ndani angagule vinyo unga kulibe? Zonsezi ndinaziona, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake. Kwa asisi ndinangopereka mawu a Luwisi, kuti abwera. Za mathanki sindinanene. Ndinkaganiza kuti ndikuwasungira tulo.

Disembala

Sabata yoyamba mphesa zinapsa. Ukafinya imodzi, zala zinkamatana. Kumpoto mitambo inayamba kusonkhana masana aliwonse n'kubalalikanso.

Ba Mulenga sanadikire. Anathyola zake zonse tsiku limodzi, anachita hayala kagalimoto ka vani, n'kukazitula pa geti la fakitale. Anakhala pa bokosi mpaka Luwisi anatuluka. Anamupatsa theka la mtengo wa chaka chatha. Pobwera anaima pa mpanda, ine ndili pomwepo.

"Shani, ba sisi? Thyolani lelo. Ine napeleka zanga, atenga. Ma tanki yao ni yozaza, koma ukafika na katundu pa geti amvela nsoni."

"Anati ndisathyole asanabwere."

"Uyo mudala sakamba manje. Muyembekeza munthu wamene sanganyamule na sipuni?"

"Mwana wawo wati abwera."

"Mwana wa njoka nayenso aluma, ba sisi, koma uyu ni mwana wa nkhongole. Thyolani."

Asisi anaseka pang'ono, koma anapukusa mutu. "Ba Mulenga, inu munapatsidwa theka chifukwa munaphwanya mawu. Ine ndikawasunga, adzandipatsa zonse."

Ndinapitanso kufakitale kawiri sabata imeneyo. Ulendo woyamba anati Luwisi ali kuchipatala ndi bambo ake. Wachiwiri anati galimoto ilibe matayala. Apa ndi pamene ndinauza asisi za mathanki. 

"Unaziona liti?"

"Mwezi watha."

Anapita kukagwedeza waya wa zitini.

Mvula inayamba Lachinayi masana, ndipo inagwa masiku asanu ndi anayi. Anthu m'tauni anasangalala. M'basi ya ku Makeni amayi ena anayamba nyimbo ya kutchalitchi. Mphesa yakupsa ikamwa madzi imang'ambika. Pofika tsiku lachitatu matsango anali atasweka, lachisanu anachita nkhungu yotuwa, kenako kunadza mavu ndi ntchentche. Puloti yonse inkanunkha ngati viniga.

Asisi anasankha zimene zinapulumuka, mabeseni awiri, n'kupita nazo kumsika wa m'tauni. Amayi a pamsika analawa n'kulavula njere.

"Amake mwana, izi ni nthudza zapita kusukulu?"

Anagulitsa theka la beseni limodzi. Ba Mulenga anawauza kuti zoolazo asataye, pali munthu ku Kanyama amene angaziphike kachasu n'kugawana nawo phindu. Asisi anali mayi wa chigwirizano kutchalitchi. Anati mphesa zimene anazilimira mgonero sizingapite mu mgolo wa kachasu. Tinazikwirira m'dzenje kuseri kwa khola.

Januwale

Mvula ija inasiya monga inayambira. Chimanga cha asisi chinamera bwino, chinafika m'mawondo, kenako chinayamba kupota masamba. Matumba a m'chipinda anali atatha kalekale. Ku Makeni ankadya kamodzi patsiku, madzulo. Mango atatha ana ankakazinga njere za maungu zimene anasungira mbewu. Thumba lililonse limene tinkapeza ku Kabwata tinkaligawa pakati, theka n'kukwera nalo basi Loweruka. Mkazi wanga sanadandaule, koma ndinkamumva akukokota mphika nthawi yaitali kuposa kale.

Alamu awo a asisi anabwera kuchokera ku Katete. Anayendera mizere ya mipesa, imene tsopano inali masamba okhaokha obiriwira bwino, n'kunena kuti, "Mlamu, munda wa maluwa mwaulima. Tsopano tiyeni kumudzi." Asisi anawaphikira tiyi wopanda shuga n'kuwaperekeza pa basi.

Mawa lake anandiuza kuti akufuna kusuma. Njira za kukhoti ndinkazidziwa. Ndinawathandiza kulemba mapepala ku khoti la majisitireti. Ndalama ya loya panalibe, ndiye anati adzadzilankhulira okha. Mboni yawo inali imodzi, ineyo.

Febuluwale

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi anabwera ku Kabwata, atavala yunifolomu yawo ya chigwirizano. Anali ataonda moti lamba ankazungulira kawiri. Anakana chakudya. Anauza mkazi wanga kuti atipatse mpata.

"Fesitoni, a Pinto anati chiyani pansi pa magwafa paja?"

Ndinabwereza mawu onse.

"Anati musathyole ndisanabwere, ndidzatenga zonse," iwo anatero.

"Pakati pali ena, asisi. Ndikalawa n'kuvomera."

"Amenewo anali mawu ongokometsera nkhani. Mphesa zija unazilawa wekha. Akanakana?"

"Sakanakana."

"Ndiye ukawanenerenji? Mkulu uja salankhula. Mwana wake panalibe. Amene tinamva ndi iwe ndi ine. Sindikuti uname. Ndikuti unene zimene zili ndi ntchito."

Ndinawauza kuti ndakhala m'khoti zaka zambiri, ndipo ndaona mboni zikugwa chifukwa chosiya mawu atatu. Anati palibe wondigwetsa. Zinali zoona. Ndinati ndidzalumbira pa Baibulo. Anayang'ana yunifolomu yawo, n'kuyang'ananso ine.

"Baibulo ndimalidziwa kukuposa. Muli amasiye ambiri mmenemo kuposa atolankhani." Anaimirira. "Za mathanki unatha kusunga pakamwa mwezi wathunthu. Apa pokha ndiye pakamwa pako sipatsekeka?"

Anatsegula chitseko n'kutuluka.

Epulo

Mlandu unalowa m'chipinda chimene ndinkachidziwa mpaka ming'alu ya m'khoma. Benchi ya atolankhani inali kumanzere. Tsiku limenelo ndinakhala panja ndi mboni zina, kudikira kuitanidwa.

Luwisi anabwera ndi loya. Mfundo yawo inali yakuti pangano panalibe, poti palibe pepala lililonse. Fakitale inkagula mphesa kwa amene yafuna, chaka chimene yafuna. Majisitireti, mayi wa magalasi amene ndinkamudziwa kuti sakonda mawu ambiri, anati pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, koma khoti liyenera kumva mawu ake enieni.

Asisi ndi amene anayamba kundifunsa, monga mwini mboni. Anafunsa mwanzeru.

"A Pinto anandiletsa kuthyola?"

"Anakuletsani."

"Anati adzatenga zingati?"

"Zonse."

Anakhala pansi. Loya anaimirira. Anali wamng'ono kwa ine, ndipo ndinali nditalembapo milandu yake iwiri. Anayamba ndi kundiseka.

"Inu ntchito yanu ndi kulemba. Tsiku limenelo kope munaiwala?"

"Linali m'thumba."

"Cholembera chinauma?"

"Kwathu salemba akulu akamapangana."

Anthu anaseka. Iye anayang'ana mapepala ake. Sankadziwa chimene akufuna, ankangoponya mbedza. Luwisi ayenera kuti anamuuza kuti bambo ake sankagula mphesa osalawa.

"Mwauza khoti kuti anati musathyole, ndipo anati ndidzatenga zonse. Mawu anali okhawo?"

Asisi sanandiyang'ane. Ankayang'ana manja awo. Ndimakumbukira kuti fani ya kudenga inali yakufa, ndiponso kuti kalaliki anali atasiya kulemba, cholembera chili m'mwamba.

"Ayi," ndinatero. "Anati ndidzalawa ndekha. Ndikalawa n'kuvomera, ndidzatenga zonse."

"Analawa?"

"Sanabwere."

"Zikomo, a mtolankhani."

Panja asisi anandidutsa ngati mtengo. Ndinawatsatira mpaka pa siteshoni ya basi, n'kuwapatsa ndalama yokwerera. Analandira, poti analibe ina.

Meyi

Chigamulo chinali chachifupi. Khoti linapeza kuti pangano linalipo, ndipo fakitale inalakwa posabwera komanso posamasula mayiyo kuti athyole. Koma kugula kunkadalira kulawa, ndipo kulawa sikunachitike. Panalibenso amene anayeza mphesazo zisanaole. Muyeso wokha umene khoti linali nawo unali mabokosi ochepa a chaka chimene mipesa inabala koyamba, ndiye linalamula kuti asisi apatsidwe ndalama yofanana ndi imeneyo. Pa mitengo ya kuseri kwa msika inagula matumba atatu a unga.

Kuyambira pamenepo ndafunsapo maloya awiri ngati mlandu ukanapita kwina ndikanasiya mawu aja. Mmodzi anati inde. Wina anati ayi.

Chimanga cha pa maekala awiri tinakolola tsiku limodzi, ngolo ya Ba Mulenga osadzaza. Ndinapita kukathandiza osaitanidwa. Asisi ankalankhula ndi mkazi wanga, ndi ana, ndi galu, koma osati ine. A Pinto anamwalira mwezi womwewo. Asisi anapita kumaliro ku Woodlands, anakhala ndi amayi anzawo kuseri kwa nyumba, n'kutsuka mbale mpaka madzulo.

Kumapeto kwa mweziwo mwana wamkulu wa asisi anabwera ndi uthenga wakuti ndikufunika ku Makeni Loweruka. Ndinapeza mlendo atakhala pansi pa magwafa paja, mkulu wa mpingo wa ku Chelstone amene ankagwira ntchito kubanki ndipo ankafuna malo owetera nkhuku. Asisi anali atagwirizana naye kuti atenge maekala atatu a mipesa. Chitsime chinali mbali yomweyo. Iwo atsala ndi nyumba ndi maekala awiri. Ku Katete sapita, koma ana awiri apakati akakhala kwa alamu awo mpaka zinthu zitasintha.

Masiku amenewo lamulo linkati nthaka sigulitsidwa, munthu amagulitsa zimene waikapo. Choncho zogulitsa zinali chitsime, pampu, mizati, waya ndi mipesa. Mkuluyo ananena poyera kuti mipesayo adzaizula mvula isanabwere, koma kuti za ku boma ziyende inkayenera kuwerengedwa. Ndinayenda mzere ndi mzere ndikuwerenga. Masamba anali atayamba kufiira, nthambi zitakhwima bwino, zokonzeka kudulira.

Nditabwerera, asisi anali akunena za madzi. Ankafuna kuti azitungabe pachitsimepo, iwo ndi ana awo.

"Mayi, zimenezo musavutike nazo," mkuluyo anatero, dzanja lili pachifuwa. "Tonse ndife Akhristu. Mawu anga akwana."

Anatambasula dzanja. Asisi sanalilandire. Anatembenukira kwa ine, koyamba chichokereni kukhoti.

"Fesitoni, kope uli nalo?"

Linali m'thumba la malaya. Ndinalitulutsa.

"Lemba. M'mawa ndi madzulo, chilimwe ndi dzinja, abambowa ali moyo kapena atafa." Anakankhira mpando kwa ine ndi phazi. "Ulembe zonse. Iwe suja susiya mawu."